Madontho Awiri

Tinaika Luse Lachiwiri, ndipo pofika Lachinayi m'mawa mawindo onse a nyumba ya ba Inonge anali ataswedwa.

Ine sindinaponye mwala, koma sindinaletsenso aliyense. Ndinaima m'mbali mwa ngalande, madzi a mvula akundifika m'akakolo, ndikumvetsera magalasi akugwa, ndipo mumtima munandikomera pang'ono. Mlongo wangayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kolera inamutenga m'masiku awiri okha. A chipatala anamuika okha atamukulunga m'pulasitiki, ine ndi ba mayo, mayi anga, titaimitsidwa patali ngati anthu odutsa. Munthu wa chisoni chotere amafuna dzina loti azilitchula, ndipo dzina limene linali pakamwa pa aliyense ku mbali yathu ya komboni ya Kanyama linali la ba Inonge, mayi wamasiye wogulitsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, pa kona. Luse anamwa kapu imodzi kumeneko tsiku loti adwala mawa lake.

Pa mzere wathu panadwala nyumba zinayi. Komiti ya m'dera inaitanitsa msonkhano wa Loweruka masana pa bwalo la tchalitchi, ndipo chigamulo chake aliyense ankachidziwa kale: ba Inonge achoke mu komboni. Anyamata ena anali atayamba kukamba za petulo.

Ndinapita ku polisi kukanena kuti amugwire mayiyo. Sajeni ba Mutale, mayi wamtali wosadziwa kumwetulira, anandimvera akukanda nsapato yake yamatope pa khomo. Nditamaliza anandifunsa ngati ndine mnyamata uja wa ku koleji. Ndinati ndinali. Ndinkaphunzira za mu labu, koma ndinasiya chaka chachiwiri chili pakati nditalephera kawiri mayeso a manja. Mabuku ndinkawadziwa. Chimene chinandigwetsa ndi phuma, chifukwa sindinkatha kudikira dontho ligwe lokha.

“Misozi ali nayo aliyense mu Kanyama mwezi uno,” anatero ba Mutale. “Nibweretsele chintu chamene ningafake pa tebulo. Ndipo ufulumile. Nili chabe na ba ofisa babili, nyumba ya uja mayi siningaisunge kupitilila pa Chibelu, siku ya msonkhano.”

Ndinatuluka ndili ndi cholinga chimodzi, chopeza umboni womangitsa ba Inonge.

*

Ndinawapeza akusesa magalasi. Sanathawe kapena kutseka chitseko. Anandikokera kampando, nati pepa mwana wanga, Luse anali kundithandiza kusefa Loweruka lililonse. Mawu awo anali apansipansi, ochedwa, ngati munthu woyenda pa matabwa owola.

Anandiuza kuti madzi a munkoyo amawawiritsa, ndipo otsukira makapu amathiramo klorini wa ku kiliniki. Anati anthu oposa makumi anayi amamwa pa tebulo lawo tsiku lililonse, ena a maminibasi, ena oswa miyala. Kenako anaimika tsache.

“Kombe, iwe wapita ku sukulu. Ngati ni munkoyo, nichani wasankha nyumba zinayi pa laini imodzi? Ba Kunda nabo banadwala. Ba Kunda sibanagulepo kwa ine olo siku limodzi, bakamba ati munkoyo ni mlongo wake wa mowa.”

Funso lawolo linandipsetsa mtima. Ndinapempha botolo lawo la klorini. Linali pa windo losweka, lofika theka, ndipo anati analitsegula mu Novembala. Ndinalitenga osathokoza.

Kunyumba ba mayo anali pa mphasa pomwe ndinawasiya, yunifolomu ya Luse ili pamiyendo. Ndinawafunsa za madzi. Anayankha ngati munthu amene wadzifunsa yekha kambirimbiri: madzi a pa chitsime chija chimene timatungapo tonse, chivundikiro chimodzi cha klorini mu chigubu chachikulu, kudikira theka la ola, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe chiyambire mvula. Ndinafunsa kumene anagula botololo. Anati botolo ndi lakale, la ku kiliniki, koma likatha amapita nalo pa tuntemba, kagolosale ka ba Cephas, kukadzazitsa.

Ndi mmene timagulira zinthu kwathu. Saladi, mafuta ophikira, umapita ndi kabotolo kako, palafini ndi kabotolo kako, ufa umagula wa kapamela, kapaketi kokwana mphika umodzi. Ba Cephas anali ndi chigubu cha buluu kuseri kwa kauntala, ndipo mzere wa ku kiliniki ukatalika amayi ankangopita kwa iwo.

Ndinazungulira nyumba zitatu zija ndisanadye. Zonse zinali ndi mabotolo a chizindikiro cha kiliniki. Zonse zinkadzazitsa kwa ba Cephas.

Nditabwerera ndinatsegula botolo la ba mayo ndi kulinunkhiza. Fungo la klorini linalimo ndithu.

“Unanunkhiza chimodzimodzi mu Disembala,” anatero ba mayo osandiyang'ana. “Unakamba ati ili bwino.”

*

Lachisanu ndinakwera minibasi yoyamba kupita ku koleji imene ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. Ba Kabaso, mkulu wosamalira labu, anali akutsuka magalasi oyezera monga ankachitira zaka zonse. Iwowa ndi amene ankaima kumbuyo kwanga pa mayeso, ndikumva mpweya wawo ndikathira mopyoza muyezo. Za maliro anali atamva. Anandigwira paphewa ndi dzanja lonyowa.

Nditawafotokozera anaseka pang'ono mosakondwa. Anati mphuno imamva klorini ngakhale atatsala wochepa kwambiri, woti sangaphe kachilombo ndi kamodzi komwe. Mphuno imakuuza chimene chilimo, koma kuchuluka kwake siidziwa. Ndinawayankha kuti zimenezo tinaphunzira chaka choyamba. Anati eya, unaphunzira.

Anandimangira kaphukusi: sirinji, kabotolo kodonthezera, mchere woyera wa ayodaidi, ndi madzi ofufutira mtundu otchedwa thayosalufeti. Viniga ndi madzi a phala la chinangwa anati ndikapezera kunyumba. Njira yake ndinkaidziwa. Klorini akakumana ndi mcherewo mu viniga, madzi amasanduka ofiirira ngati tiyi, ukawonjezamo chinangwa amada bii. Kenako umadontheza mankhwala ofufutira, dontho limodzilimodzi, ukuwerenga mpaka madzi ayere. Madontho akachuluka ndiye kuti klorini ndi wamphamvu.

Pa khomo anandibwerezera malamulo atatu ngati mwana wa giredi yoyamba. Yamba ndi madzi opanda kanthu, uone kuti zida zako sizikunama. Kenako yeza chimene ukuchidziwa kale, botolo latsopano lomata. Ndipo chilichonse uchiyeze katatu.

“Usayeze na mtima, Kombe. Mtima wako waweruza kale. Leka galasi ikambe.”

Ndinadzera ku kiliniki, ndinaima pa mzere ola lathunthu, ndinalandira botolo lomata. Masana ndinayala magalasi a tiyi pa thabwa kuseri kwa nyumba, nkhuku za aneba zikundizungulira. Ndinatsamiritsa chigongono pa bondo kuti ndisathire mopyoza muyezo.

Madzi opanda kanthu anakhala oyera. Botolo latsopano linatenga madontho makumi awiri, kachiwiri makumi awiri, kachitatu makumi awiri ndi limodzi. Ndinatenga la ba Inonge ndikupemphera chamumtima kuti liwagwetse. Linada bii, ndipo linatenga khumi ndi asanu ndi atatu katatu konse.

Lomaliza linali la ba mayo. Madzi anangosintha pang'ono, kabuluu kotuwa ngati malaya ochapidwa zaka zambiri. Dontho loyamba linagwa. Lachiwiri linagwa, ndipo galasi linayera mbee.

Ndinabwereza. Awiri. Ndinabwerezanso. Awiri.

*

Ndikanayenera kupita kwa ba Mutale nthawi yomweyo. M'malo mwake ndinathamangira pa tuntemba.

Ba Cephas ndi mkulu wa mpingo, komanso mlembi wa komiti ya m'dera, munthu wa malaya osita ngakhale m'nyengo ya matope. Pa maliro a Luse ndi iwo amene anapemphera motalika kuposa abusa. Anandilandira ndi manja awiri, akunditcha mwaice, kamnyamata kawo, nandiuza kuti Yobu nayenso anayesedwa. Ndinawafunsa za chigubu cha buluu. Anati amachigula chomata ku mafakitale, kwa anthu a mapepala awo, ndipo iwo amangothandiza amayi amene sangathe kuima pa mzere tsiku lonse. Anati pa nyumba pawo palibe anadwala chifukwa amasamala ukhondo, osati kumwa za pa kona.

Ine ndi phuma langa ndinakhuthula zonse. Ndinawauza za magalasi, za mtundu wakuda, ndi kuti mawa ndidzayeza pamaso pa anthu. Nkhope yawo sinasinthe.

“Ni vabwino, mwaice. Sayansi na Mulungu sivimenyana. Nkalako pansi, nikutapileko wekha ukaone.”

Analowa kuseri kwa katani, ndinamva kukhutukhutu, ndipo anatuluka ndi kabotolo kodzaza. Ndinathamanga nako kunyumba.

Makumi awiri. Makumi awiri. Makumi awiri.

Ndinakhala pa thabwa lija mutu uli m'manja. Ngati chigubu chili bwino, ndiye kuti klorini anafera m'nyumba mwathu momwe, m'manja mwa ba mayo, ndipo ine ndinalibe mtima wokawauza zimenezo. Dzuwa lisanalowe ndinaimbira ba Kabaso. Anandimvera mpaka pamapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

“Anatapa ndani? Unaona kwanja yake ingena mu chigubu?”

Sindinaone. Katani inali yotseka. Lamulo limenelo silinali pa atatu aja chifukwa limabwera onsewo asanayambe: choti uyeze umatunga wekha, pamalo pake, ukuona. Ndinatembenuza kabotolo ka ba Cephas. Pakhosi pake panali kamphete ka pulasitiki kongothyoledwa kumene, koyera, kosagwirapo fumbi. Anandipatsa botolo latsopano la ku kiliniki, limene ankasungira banja lawo.

Koma ndinali nditawauza kale za mawa, ndipo chigubu chinali chidakali m'manja mwawo.

*

Loweruka m'mawa ba Mutale anandikalipira kaye pokamba zonse kwa munthu womukayikira, kenako anavomera kubwera. Ba mayo ndinawapempha chinthu chovuta: ayende nyumba ndi nyumba, auze amayi onse odzazitsa kwa ba Cephas kuti abwere ndi mabotolo awo. Chiikire Luse anali asanatuluke pa geti. Anapinda yunifolomu ija, anamanga chitenge, natuluka.

Pa bwalo la tchalitchi panadzaza. Ba Inonge anawakhazika pa benchi paokha, kathumba ka zovala kali pa mapazi awo, chifukwa anali atamanga kale. Kumbuyo kunaima anyamata aja, mmodzi ali ndi chigubu chaching'ono chimene sichinali cha madzi. Tcheyamani atayamba kuwerenga mlandu, ba Mutale anamudula, nati mnyamatayu ali ndi choti aonetse.

Ba Cephas ananyamula okha chigubu cha buluu kuchokera ku tuntemba, nachikhazika pa tebulo akumwetulira. Ndinayamba ndi madzi opanda kanthu, kenako botolo lomata la ku kiliniki, limene ndinalitsegula aliyense akuona. Ndinapempha anthu awerenge nane. Anawerenga monyoza poyamba, koma madzi akuda atayera pa dontho la makumi awiri, ndinamva mayi wina akuti iyee chapansipansi.

Ndinalowetsa sirinji m'chigubu ndi dzanja langa. Madzi anada kuposa onse, ngati oilo wa injini.

Tinafika pa makumi awiri, mtundu osagwedezeka. Makumi atatu. Ba Cephas anatembenukira anthu, nati mwaona, wanga ni wamphamvu kuchila wa boma. Kumbuyo ena anaseka. Wina anati mwana uyu watitayila nthawi, tiyeni kwa mfiti. Thukuta linkandilowa m'maso, ndipo dzanja linkafuna kufinya kabotolo konse kuti zithe. Ndinakanikiza chigongono pa tebulo. Dontho, kugwedeza, kudikira. Dontho, kugwedeza, kudikira.

Linayera pa makumi asanu ndi atatu kudza anayi. Ndinabwereza kawiri anthu akung'ung'udza, ndipo sizinasiyane kupitirira madontho awiri.

Apo m'pamene ndinamvetsa. Ndinawauza anthu kuti klorini wothira m'madzi akumwa amapangidwa pa muyezo umodzi, ndipo tauona tonse, ndi madontho makumi awiri. Akakhalitsa mphamvu imatsika, siikwera. Za m'chigubuzi zaposa kanayi. Munthu wathiramo chinthu china chaukali posachedwa, ndipo wathira mongoganizira chifukwa analibe choyezera.

Ba Ketty, mayi amene amachapa zovala m'mayadi a ku Kabulonga, anabwera pa tebulo osaitanidwa. Anaweramira pa chigubu, nakweza mutu.

“Iyi ni bulichi ya zovala, ija ya fungo ya mandimu. Naiziba, yanidya manja zaka teni.”

Kumwetulira kwa ba Cephas kunayamba kuuma. Anati mwina a ku fakitale anasintha kapangidwe. Pamenepo ba mayo anadutsa pakati pa anthu ndi beseni pamutu, nalitsitsa pa tebulo. Munali mabotolo khumi ndi limodzi, lililonse lomangidwa kansalu ka mwini wake. Mankhwala anga anali atatsala pang'ono, koma mabotolowo sanafune ambiri. Awiri. Atatu. Awiri. Limodzi linayera pa dontho loyamba. Tsopano palibe ankawerenga mokweza kupatula ine.

Ba Cephas anati ndi dzuwa, amayi amasiya mabotolo pa windo, mphamvu n'kuthawa. Ndinakweza botolo la ba Inonge. Ndinati ili lakhala pa windo chiyambire Novembala, ndipo ndinaliyeza pomwepo. Khumi ndi asanu ndi atatu.

Ndiye ba Cephas anasiya za Yobu. Anandiloza ndi chala, mawu atasintha.

“Muzamvela uyu? Anafeluka ku koleji, ba mpingo. Ndipo mufunseni. Mu Disembala sanabwele na ba nyina pa tuntemba panga? Sananunkhize yeka, nakukamba ati ili bwino? Ngati nili na mlandu, nayeve ali nawo.”

Bwalo lonse linandiyang'ana. Ba mayo anayang'ana pansi.

“Ni zoona,” ndinatero. “Ninanunkhiza, ninakamba ati ili bwino. Ninali kuziba kuti mphuno siyeza, koma ninali na ulesi, ninafuna chabe kuoneka wophunzila pamenso pa ba mayo. Luse anamwa manzi yamene ine ninavomeleza. Icho nizayenda nacho. Koma amene anali kusakaniza manzi mu chigubu si ba Inonge.”

Kenako ndinaona anyamata a kumbuyo aja akusuntha, ndipo sankayang'ananso ku benchi ya ba Inonge. Ba Mutale anaona nane limodzi. Anagwira ba Cephas pa lamba, anaika ofisala mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, nauza khamu kuti amene atole mwala akagona selo imodzi ndi mkuluyu. Chigubu ndi mabotolo onse analamula kuti apite nawo, akayezedwenso ku labu ya boma, chifukwa magalasi a tiyi woweruza sangawalandire. Pambuyo pake ndinamva kuti kuseri kwa tuntemba anapezako mabotolo atatu a bulichi opanda kanthu, okwiriridwa m'phulusa lomwe linali lisananyowe ndi mvula.

Palibe anapepesa kwa ba Inonge. Anthu anangobalalika, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Iwo ananyamula kathumba kawo nabwerera ku nyumba yopanda mawindo.

*

Madzulo a tsikulo ndinakakhoma makatoni m'mawindo awo. Anandipatsa kapu ya munkoyo, ndinamwa yonse ndili chiimire.

Kunyumba ndinapeza ba mayo atakhala pa thabwa langa kuseri, magalasi ali otsukidwa ndi kuvundikiridwa. Anandifunsa kuti kuyeza botolo limodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinaganiza zonama, koma ndinali nditatopa nako.

“Mamineti faivi, ba mayo.”

“Faivi,” anabwereza. Anayang'ana chingwe choyanikira, pamene masokosi oyera a Luse anali adakali chiwayanikire mwini wake.

Kenako anatulutsa botolo m'chitenge. Linali latsopano, lomata, ndipo anali ataima nalo pa mzere wa ku kiliniki madzulo omwewo. Ndinawauza kuti limenelo lilibe vuto, silinatsegulidwe, ndipo mankhwala anga atsala ochepa kwambiri. Anandiikira m'manja, napinda zala zanga pa botololo ndi dzanja lawo.

“Yeza, Kombe. Katatu.”

Ndinakhala pansi, ndinatsamiritsa chigongono pa bondo, ndipo ba mayo anayamba kuwerenga nane.